Chigamba Chilandire Ulemu Wake

Pa zinthu zonse zimene zatumikira anthu a ku Phalombe mokhulupirika, palibe chimene chanyozeka kuposa chigamba. Boma limeneli linagawidwa kuchokera ku Mulanje m'chaka cha 1998, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 429,000. Akalemberawo anawerenga anthu, nyumba, zimbudzi, mawailesi ndi njinga, koma palibe amene anafunsa kuti pakhomo pali zigamba zingati. Akanafunsa, bwenzi dziko likudziwa kuti mtundu waukulu m'bomali si Alhomwe ayi, koma tizidutswa ta nsalu timene tagwira mawondo, zigongono ndi m'matumba kuchokera ku Nkhulambe mpaka kugombe la nyanja ya Chilwa.

Khalidwe lake ndi loti mabwana ambiri a m'maofesi atengereko. Chigamba sichisankha malo ogwirira ntchito. Chikatumidwa kumbuyo kwa thalauzi la mnyamata wa kabaza amene amapalasa pakati pa Migowi ndi Chiringa dzuwa lili paliwombo, chimakhala pomwepo, pakati pa thukuta ndi chishalo, osapempha alawansi kapena kulemba kalata yofuna kusamutsidwa. Chikaikidwa pa kabudula wa mwana wa Sitandade 2, amene desiki yake ndi simenti ya pansi, chimakhula simentiyo temu yonse mpaka nacho chitafuna chigamba chinzake. Malipiro ake? Mwini thalauzi amasiya kupisira malaya kuti achibise, ndipo tsiku la ukwati amachitsekera m'nyumba ngati m'bale wochititsa manyazi pamaso pa alendo.

Inalipo nthawi imene anthu ankati chigamba chapuma pa ntchito. Kaunjika atadzaza misika, malaya a pamulu ankatsika mtengo mwakuti kusoketsa chong'ambika kunkaoneka ngati umbombo. Chigamba sichinakwiye, chinangodikira. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anaguba mumzinda wa Lilongwe podandaula kuti mitengo ya mabelo yawapitirira pamutu. Lero amene ankachiseka akuchifunafuna. Wofuna kudziwa mmene chuma chikuyendera asavutike ndi malipoti a ku Reserve Bank, angoona kutalika kwa mulu wa zovala zodikira singano pambali pa telala wa pa Mpasa tsiku la msika.

Kwawo kwa chigamba ndi komweko, pansi pa makina, pakhonde la golosale. Telala akamadula diresi kapena nashonale pa chitenje cha mamita awiri, sizasi imasiya timakona, timizere ndi tizidutswa ta m'khosi ndi m'khwapa. Mlandu wa mwini wake wa zimenezi sunagamulidwebe ndi khoti lililonse.

"A telala, nanga zotsala za nsalu yanga ija?"

"Mayi, nsalu ija inali yoperewera kale. Ndachita kuvutika kuti mikono ikwane."

Apo n'kuti thumba la feteleza lili kuseri kwa mpando, lodzaza mpaka kukamwa. Asaweruzidwe msanga bamboyo, chifukwa m'thumba limenelo mumatuluka zambiri. Mumatuluka mapilo, zopondera pakhomo zolukidwa pa chiguduli, ndi makushoni a pakaliyala amene amapepuza ulendo wa wokwera kabaza. M'chaka cha 2020, matenda a Covid-19 atafika, timakona timeneti tinakwezedwa udindo kuchoka pansi n'kukakhala pamphuno ndi pakamwa pa aphunzitsi, abusa ndi mafumu. M'masukulu ambiri magulu a amayi amasoka nsalu zoti atsikana azigwiritsa ntchito akakhala kumwezi, kuti asamajombe. Chinthu chimene chimasesedwa madzulo aliwonse chikusunga mwana m'kalasi, ndipo sichinaitanidwepo ku msonkhano uliwonse wa zamaphunziro ku Mangochi.

Koma ufumu weniweni wa chigamba ndi chofunda. Wosoka amadula tizidutswa kuti tifanane kukula, n'kutilumikiza tiwiritiwiri mpaka titapanga mzere, kenaka mizere n'kuiphatikiza, akusita msoko uliwonse ndi simbi ya makala kuti ugone. Imeneyo ndi nkhope chabe. Pansi amayala chinsalu chathunthu, pakati bulangete lakale lomwe latha ubweya, ndipo zitatuzi amazisokera pamodzi kuyambira pakati kupita m'mbali, chifukwa woyambira m'mphepete amakathera ndi chotupa pakati. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikamatsika ndi nkhungu yake kuchokera ku mapiri a Mulanje ndi Michesi, ana atatu ogona pamphasa imodzi safunsa ngati mitundu yake ikugwirizana.

Pa chofunda chotere ndi pamene chigamba chimachita zimene zinakanika mabungwe a mipingo ndi nthumwi za maiko akunja. Chiyambire zipani zambiri mu 1994, chisankho chilichonse chimasiya nsalu m'midzi. Nsalu zija zimasuluka, zimang'ambika, zimathera m'thumba lija. Ndiye munthu amapeza chikasu cha UDF chitagundana ndi buluu wa DPP, tambala wakuda wa MCP atasuzumira pakona, olenji wa PP ndi kufiira kwa UTM zili phee mzere umodzi, pambali pake kachidutswa ka nsalu ya Tsiku la Anakubala ndi kena ka chikondwerero cha parishi. Nkhope ya phungu wina yatsala diso limodzi, lonjezo lake ladulidwa pakati pa mawu, ndipo mwina umo ndi mmene linathera ngakhale kunja kwa nsalu. Onsewa agwirana ndi ulusi umodzi, akufunditsa mwana mmodzi, popanda wotuluka m'mgwirizano.

Kunja chigamba anachizindikira kalekale. Ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, amayi osauka, zidzukulu za akapolo, ankasoka zofunda kuchokera ku maovolosi ndi madiresi akutha kuti atseke mphepo m'nyumba zamatabwa. Mu 2002 zofunda zimenezo zinapachikidwa m'nyumba yoonetsera zaluso ku Houston, kenaka ku Whitney Museum ku New York, ndipo mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a dzikolo. Ku Paducah, m'chigawo cha Kentucky, kuli nyumba yosungira zofunda zazigamba zokhazokha, imene inatsegulidwa mu 1991. Anthu opeza bwino kumeneko amakagula nsalu yatsopano kusitolo, n'kuiduladula dala, n'kuisokanso, ati kupumulitsa maganizo. Mayi wa ku Chitekesa atamva zimenezi angagwire pakamwa. Ku India nako, Asiddi a ku Karnataka, amene makolo awo ambiri anachokera kuno ku Africa pa nthawi ya ukapolo, amasoka zofunda zotchedwa kawandi. Anthu a ku Phalombe mbiri imeneyo si yachilendo kwa iwo: mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi unali njira ya ogwira akapolo, n'chifukwa chake mu 1893 anamangapo linga la Fort Lister.

Mphatso yaikulu ya chigamba, komabe, ndi uphunzitsi, ndipo wophunzira wake ndi telala. Chimaphunzitsa mwankhanza. Makina ambiri a m'makonde ndi aja akuda opalasa ndi mapazi, ena a Singer, ena a Butterfly a ku Shanghai amene anatengera kapangidwe ka Singer wakale. Isaac Singer analembetsa makina ake mu 1851, ndipo fakitale yaikulu ya kampaniyo ku Clydebank, kufupi ndi Glasgow, m'mbali mwa mtsinje womwewo umene umadutsa kwawo kwa David Livingstone, inatsekedwa mu 1980. Makina otere safuna magetsi a ESCOM, ndipo amatha kuika m'manda eni ake awiri kapena atatu. Nsalu yatsopano amaimeza mosadandaula ngakhale atakhala mwezi osapukutidwa. Koma chibwere chigamba cha jinzi, chopindidwa kanayi pa msoko wa pakati pa miyendo, ulesi wonse wa telala umaonekera poyera. Singano ya nambala 14 imati thyo! Pamafunika 16 kapena 18, ndipo pokwera chitunda cha msoko wanzeru amasiya kupalasa n'kuzunguza gudumu ndi dzanja, molozetsa kwa iye mwini.

Nsanza zimathothoka. Ufumbi wake umalowa pansi pa kachitsulo kamene singano imabowolapo, n'kudzaza m'mano okoka nsalu, n'kutsikira kwa bobini, komwe umasakanikirana ndi mafuta n'kusanduka phala lakuda. Zikatero mano amaleka kukoka, msoko umadumphadumpha, makina amayamba kulira ngati akudandaula. Mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi: kumasula tisikulu tiwiri, kuchotsa kachitsulo kaja, kusesa ndi mswachi wakutha kapena nthenga ya nkhuku. Kuuzira ndi pakamwa kumangokankhira fumbi mkati, kuonjezapo chinyezi choitana dzimbiri. Kenaka dontho limodzi la mafuta a makina pa kabowo kalikonse ndi pomwe shato imayenda, n'kupalasa pa kansanza mpaka mafuta otsala atatha, kuopa kudetsa diresi la mkwatibwi. Amene anayesapo mafuta ophikira amadziwa kuti sabata yoyamba makina amathamanga mokondwa, kenaka mafutawo amauma n'kukhala ulimbo, ndipo pamafunika palafini ndi tsiku lathunthu kuti gudumu lizungulirenso.

Chigamba chimaphunzitsanso chilungamo. Ulusi ukawunjikana kunsi kwa nsalu, telala wongoyamba kumene amathamangira kukamasula kasikulu ka bobini, poganiza kuti wolakwa ndi amene ali pafupi ndi mlandu. Kawirikawiri bobini amakhala wosalakwa. Wapalamula ndi ulusi wa pamwamba, umene sunalowe bwino pakati pa timbale toufinya, mwina chifukwa anaupisa phazi la makina lili pansi. Mafumu oweruza milandu ya malire a minda angapindule kukhala pakhonde limenelo theka la tsiku. Lamba wachikopa naye akatamuka n'kuyamba kuterereka, safuna kugula wina: amadulako pang'ono, n'kubowola ndi msomali, n'kulumikizanso ndi kawaya. Ndiye kuti makina osokera zigamba nawo amayenda ndi chigamba.

Madzulo mutu wa makina umatsitsidwa m'bokosi lake kapena kufunditsidwa nsalu, chifukwa fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha mu Januwale zonse ndi adani a chitsulo. Nsalu yofunditsirayo, mosachita kufunsa, imakhala ya zigamba.

Otsutsa alipo, ndipo mawu awo si opanda pake. Amati chigamba ndi mbendera ya umphawi, ndipo dziko lolima thonje, lomwe linali ndi fakitale ya David Whitehead ku Blantyre yoveka anthu ake, siliyenera kunyadira nsanza. N'zoona. Palibe mwana amene amapempha kuti yunifolomu yake ikhale ya mitundu itatu, ndipo anzake m'kalasi sadziwa za Gee's Bend akamamuseka. Koma chigamba sichinagwetse kwacha, sichinatseke fakitale iliyonse, sichinadyeko ndalama za boma. Chinafika pamalo pa ngozi ena atathawa, ndiye chikugwidwa chifukwa ndi chokhacho chapezekapo.

Khonsolo ya Phalombe isavutike kuchimangira chipilala pa boma, chifukwa simenti yakwera mtengo. Ulemu umene chikufuna uli m'manja mwa owerenga. Thalauzi lija lakhala m'sutikesi chaka chathunthu chifukwa cha kabowo ka pabondo lipite kwa telala Loweruka likubwerali, dzenje lisanakule. Mtengo akatchula, alipidwe pompo, osati "ndidzakuonani pakutha pa mwezi", popeza singano, ulusi ndi kabotolo ka mafuta sagula pa ngongole. Ndipo za zotsala za nsalu zija, musafunsenso.