Kodi kamsilikali aka n'ka kwa yani?

Mlamu wanga amagwira ntchito yosamalira maluwa ku Johannesburg. Atabwera kudzaona ana kuno ku Misesa, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kokulunga m'pepala. "Alamu, tagwirani ichi." Kanali kamsilikali kachitsulo, kosafika n'komwe kutalika kwa chala chachikulu, koma kolemera m'manja. Khungu lakuda, kabudula wa khaki, chisoti chofiira chopanda mlomo, nsalu zokulunga kumiyendo, mfuti paphewa. Ngakhale timabatani ta malaya tinali topentedwa kamodzikamodzi. Akuti abwana ake ali nato tambirimbiri m'kabati yagalasi, ndipo aka anamupatsa atamva kuti kwawo n'ku Malawi. Anati, "Uyu ndi wakwanu." Wakwathu? Wa m'mudzi mwa yani? Nanga anakalowa bwanji m'kabati ya ku Johannesburg, ife abale ake osamva?

Mlamu anandiuza zimene amaona pawindo Loweruka akamathirira maluwa. Kumabwera azibambo akuluakulu, ena a imvi mbuu. Amayala nsalu yobiriwira patebulo, n'kuikapo timapiri, timitengo, timakumbi taudzu ndi kamtsinje kopenta. Aliyense amandandalika tiasilikali take. Wina amatenga tepi ngati ya atelala n'kuyeza kuti gulu ili liyenda mainchesi angati. Kenako amaponya madayisi, onga aja a ludo, ndipo dayisi ndi amene amagamula ngati chipolopolo chapeza munthu kapena chaphonya. Pakabuka mkangano amatsegula buku la malamulo. Mpaka dzuwa kupendeka. Tsono ine mwana wanga akabwera kuchokera kudambo ataumba asilikali adongo, amayi ake amamukalipira kuti wadetsa yunifolomu. Ifenso tinakalipiridwa chimodzimodzi chifukwa cha ng'ombe zadongo ndi galimoto zamawaya, n'kutiuza kuti takula, tisiye zachibwana. Kodi chibwana chimathera pa zaka zingati? Anaika malirewo ndani? Nanga bwanji malirewo sanafike kwa azibambo a imvi aja?

Nditafunsafunsa, ndinamva kuti masewerawa ndi akalekale. Mu 1824 msilikali wina wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewera ankhondo a pamapu, okhala ndi madayisi ndi woweruza, ndipo iwo anawalandira kuti aziphunzitsira atsogoleri a asilikali. Mu 1893 kampani ya William Britain ku London inayamba kuumba tiasilikali tamtovu tamphako m'kati, totsika mtengo, moti tinafalikira m'nyumba zambiri. Ndiye mu 1913 mlembi H. G. Wells anatulutsa buku lotchedwa Little Wars, lophunzitsa kumenya nkhondo pansi m'chipinda ndi tiasilikali ndi kamzinga koponya timitengo. Iye ankadana ndi nkhondo, ndipo ankayembekezera kuti munthu akaona chisokonezo cha nkhondo yoseweretsa sangalakelake yeniyeni. Chaka chotsatiracho, 1914, nkhondo yaikulu inabuka. Kodi akuluakulu a mayiko sanawerenge bukulo? Kapena analiwerenga? Kodi masewera amodzimodziwo angaphunzitse wina kumenya nkhondo, wina kuiopa?

Lero ku Nottingham kuli kampani ya Games Workshop yomwe kuyambira 1983 yakhala ikugulitsa masewera a Warhammer, a zilombo ndi ankhondo a m'nthano. Amenewo sandivuta. Chilombo chilibe adzukulu. Koma aka kali m'manja mwangamu si ka m'nthano ayi. Kodi munthu amene anakhalapodi, amene anali ndi amayi ake, amasanduka liti choseweretsa?

Yunifolomu ya kamsilikali aka ndi ya King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, lomwe agogo athu ankalitchula kuti Keyala. Amene anafikako ku Zomba anaona chipilala chachitali cha njerwa chowakumbukira. Nkhondo ya 1914 inafika kwathu kuno msangamsanga. Pa 13 August sitima ya Angerezi, Guendolen, inawombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ili pagombe ku Sphinxhaven, tsidya la nyanja yathu yomweyi. Pa 9 September kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Nkhondo yonseyo inatha mu November 1918 pamene mkulu wa Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anakatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Makolo athu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, chifukwa chiwaya linali dzina la mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Ine ndakula ndikudziwa chiwaya chimodzi chokha, chija cha pamsika chimene timagulapo tchipisi ndi zibwente. Inu munauzidwapo za chinacho? Mawu amene ankanjenjemeretsa midzi yathunthu anaiwalika bwanji mpaka kutsala fungo la mafuta?

Apa m'pamene mutu wanga waima kwenikweni. Amene ananyamula mfuti kuchokera ku Nyasaland anali ochepa powayerekeza ndi amene ananyamula katundu. Amtengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko lomwe anthu ake onse sankapitirira kwambiri miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwakufuna kwawo. Ankagwidwa m'midzi, ena usiku, mafumu atakakamizidwa kupereka anthu. Kumene kunalibe msewu wagalimoto, ndipo ng'ombe ndi mahatchi zinkafa ndi kashembe, mutu wa munthu ndiwo unali lole. Mabokosi a zipolopolo, ufa, mpunga, matenti, zonse pamutu, mapazi osavala, mvula ili pamsana. Ochuluka sanaphedwe ndi chipolopolo, koma njala, kamwazi, malungo ndi chibayo, kenako chimfine choopsa cha 1918 chinadzamaliza otsala. Kumudzi minda inagonera, amayi analima okha. Ndiye ndimafunsa za patebulo paja. Dayisi amanena amene chipolopolo chamupeza. Nanga amene anagwa m'mbali mwa njira ndi kamwazi, amamuponyera dayisi wanji? Mayi wotsala ndi khasu ku Ntcheu amamuika pa ngodya iti ya nsalu yobiriwira? Tepi ija ingayeze mtunda wochoka ku Karonga kukafika m'mapiri a Tanganyika ndi bokosi pamutu?

Mlamu akuti kamsilikali kakagwa, mwini wake amakanyamula bwinobwino n'kukagoneka m'bokosi la siponji kuti penti isachoke, ndipo Loweruka lotsatira kamadzukanso kukamenya nkhondo ina. Zimenezi zinandikhudza. Ndi angati mwa agogo athu amene ananyamulidwa mosamala chotero? Ndi angati ali ndi manda oti mdzukulu angakalambule?

Mu November 1914 Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka akufera nkhondo yomwe si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma silinafune kuti kalatayo imveke. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, ndipo pofika pa 3 February iye anali ataphedwa. Nkhope yake timaigwira tsiku ndi tsiku pa ndalama, ndipo pa 15 January timapuma kuntchito. Koma pa anthu khumi okwera minibasi yochokera ku Limbe, ndi angati akudziwa kuti china mwa zimene zinamupweteka mtima chinali nkhondo ya kamsilikali aka? Kusukulu anatiuza za thangata. Bwanji za amtengatenga anangodutsapo?

Sindikuwanyoza abwana a mlamu wanga. Munthu amene amakhala madzulo athunthu ndi kabulashi kopyapyala, maso ali pa kabatani kamodzi, kufuna kuti mtundu wa chisoti ukhale wolondola, ameneyo sanaiwale. Akuti amadziwa maina a mabataliyoni, masiku a nkhondo, ngakhale mitsinje imene anawoloka. Ine mdzukulu wa m'dziko lawo sindinkadziwa kuti ku Karonga kunafa anthu mu 1914. Ndiye pakati pa iye ndi ine, amene wawasunga agogowa ndani? Ndipo n'chifukwa chiyani zinatengera kachitsulo kochokera kunja kuti ndiyambe kufunsa?

Komatu nafenso tili ndi kakumbukiridwe kathu. Beni wa ku Mangochi ndi Zomba, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa m'chigawo chapakati: mizere yoongoka, maudindo ngati a asilikali, kabudula wositidwa, masokosi ofika m'mawondo, zipanda zolira ngati malipenga a bandi. Magule amenewa anatengera perete wa asilikali, ndipo anafalikira kwambiri anthu atabwerako ku nkhondo ija. Azungu anaichepetsa nkhondo kuti ikwane patebulo, ife tinaiika m'miyendo n'kuivina pabwalo. Pa bawo paja pansi pa mango timadyerana nkhomo mpaka mdima, wogonja n'kudzukapo akuseka. Kodi wovina beni paukwati amadziwa kuti phazi lake likuponda perete wa Keyala? Amene anayamba kuvinawo ankanyadira, ankalira, kapena ankaseka amene anawatuma?

Kamsilikali kaja ndinakaika pawindo. Tsiku lachitatu kanasowa. Ndinakapeza kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa bafa, mwana wanga atakaimika pa njerwa. Anali atakaumbira anzake adongo asanu ndi mmodzi, mfuti zawo za timitengo ta machesi, akuuma padzuwa. Popeza anandimva ndikucheza ndi amalume ake usiku uja, anaumbanso wina kumbuyo kwa mzere, wopanda mfuti, atasenza kabokosi ka machesi pamutu. Khosi lake linali litayamba kale kung'aluka ndi kulemera. Mwanayo anandiyang'ana nati, "Ababa, uyu wachitsuloyu ndi Keyala. Nanga uyu wonyamulayu dzina lake ndani?"

Inuyo mukanamuyankha kuti chiyani?