Pepani amayi, ndigoletse nawo

Tsiku la 7 Epulo likamayandikira, amayi a pa Fonte Boa ku Mozambique amagula zitenje zofanana zokumbukira Josina Machel, yemwe adamwalira tsikuli mu 1971. Zoimba ndi zovina palibe amatsutsa. Mlandu umabuka amayi akanena kuti chaka chino amenyanso mpira wamiyendo.

Oyamba kudandaula ndi abambo. "Mayi a mwana, pa msinkhu wanuwu mukathyokatu mwendo." Akunena izi ndi bambo amene dzulo lomweli anasenzetsa mkazi yemweyo thumba la mbatatesi kuchokera kudimba mpaka kumsewu wa ku Ulongwe, iwo akutsatira pambuyo atanyamula wailesi. Apongozi nawo amaika lamulo lawo: kabudula avale, koma chitenje pamwamba. Ndiye mpira ukalowa m'chitenjemo, osewera asanu amaima mozungulira n'kumadikira mwaulemu kuti utuluke wokha.

Timu sasankha poyang'ana liwiro. Pagolo amaikapo apampando a amayi a mpingo, poti wowachinya akayankha Lamulungu. Wosewera kutsogolo akafika pamaso pawo amayamba wapinda bondo: "Pepani amayi, ndigoletse nawo." Woimbira ndi mphunzitsi wachinyamata. Atangoliza wezulo kuti azakhali ake agwira mpira ndi manja, amamva: "Iwe, ndinkakusambitsa ndine!" Wezulo imabwerera m'thumba. Kusintha osewera amalamula ndi makanda: amene mwana wake walira kunja kwa bwalo ndiye atuluke, akayamwitse.

Nanga abambo okana aja? Amafika oyamba, ndipo onse ndi makochi. Wina adasiya kuthamanga nkhondo itatha mu 1992, koma akukuwa kuti, "Thamangani inu, mwadya chiyani?" Mkazi wake akangomwetsa chigoli amalumpha chipewa chili m'manja: "Ameneyo ndi wanga! Ndimamuphunzitsa ndine kunyumba!" Masewero asanathe n'komwe, mphunzitsi wamkuluyu wayamba kale kufunsa ngati nyemba zinasiyidwa pamoto.

Abambo omwewa amatama Maria Mutola, amene adabweretsera Mozambique mendulo ya golide pa mpikisano wa mamita 800 ku Sydney mu 2000. Amaiwala kuti mwana wamkaziyu adayamba ndi kumenya mpira pakati pa anyamata ku Maputo. Akatsegula wailesi ya ku Malawi amachemerera ma Queens pa mpira wamanja, bola akhale akazi a eni.

Dzuwa likalowa mpira umatsekeredwa m'kabati, kiyi n'kupita ndi bambo wina wa komiti mpaka Epulo wina. Amayi amangotsala ndi msana wowawa, poti thupi lothamanga kamodzi pachaka silikhululuka.

Akomiti, tulutsani mpirawo Lamulungu lililonse masana. Ndipo inu makochi, nyemba zija kasonkhezereni nokha, moto sufunsa kuti wasonkha ndani.