Wa Pachala Ngwa Mphepo

Amene anayambitsa mwambi wakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ayenera kuti anali gogo wina wokonda kulongolola. Anatsina fodya wake wopera, n'kuyamba kufotokoza mlandu wa malire a munda chala chili m'malere, kamphepo ka mu Julaye n'kudutsa. Gogoyo sanadziwe kuti akulongosola za zipatala za dziko la Malawi.

Ku Lilongwe, m'mahotela momwe mumachitikira misonkhano ya maalawansi, muli mkangano wosatha: ndani ayenera kusenza odwala, boma kapena abizinesi? Ena akuti boma, chifukwa moyo wa munthu sugulitsidwa. Ena akuti boma linalephera kalekale, lisiyire odziwa kuwerenga ndalama. Amakangana mpaka thukuta, koma mutu ukangowawawa pakati pa msonkhano, mbali zonse ziwiri zimapisa m'thumba n'kutulutsa khadi la inshuwalansi ya MASM.

Kuno ku Ludzi mkanganowu umachitikira pamkeka, m'bandakucha, mwana thupi litatentha. Chipatala chapafupi n'cha mishoni, cha Akatolika, chimodzi mwa zipatala za bungwe la mipingo la CHAM monganso Kapiri ndi Guilleme m'boma lomweli la Mchinji. Kumeneko umalipira. Chipatala chachikulu cha boma chili ku Boma, ndipo n'chaulere. Ndiye bambo amayamba masamu: wakabaza mpaka pamsewu wa tala, minibasi, ya wodwala ndi ya womudikirira, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo kachipisi ka masana poti mzere wa kumeneko sudziwa kuti munthu amamva njala. Akamaliza kuwonkhetsa amapeza kuti zaulerezo zafuna nkhuku ziwiri, zolipirazo zafuna nkhuku zitatu, ndipo pakhomo pali nkhuku imodzi, yomwenso ikufungatira.

Ubwino wa zaulere sitingaukane. Anthu ambiri ali moyo lero chifukwa chipatala cha boma sichinawafunse kuti atenga zingati. Koma aliyense amene anagwirapo kabuku ka kuchipatala akudziwa chiganizo chotchuka chija cha pawindo la mankhwala: "Awa atha, mukagule ku famase." Dokotala wakuyeza mwaulere, wakulembera mwaulere, ndi zilembo zoti ngakhale iye mwini mawa sangaziwerenge, ndipo wakuloza mwaulere kwa wabizinesi wa kutsidya kwa msewu. Mankhwala olembedwa m'kabuku ndiye fodya wa pachala uja. Ukuwaona, dzina lawo ukulidziwa, ungathe kuwaonetsa apongozi, koma sanalowe m'thupi.

Chondiseketsa n'chakuti anthu a m'mahotela aja amayankhula ngati boma ndi enawo amakhala midzi yosiyana. Bungwe la CHAM lilipo kuyambira 1966, ndipo zipatala zake zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi kumene boma silinamange. Koma malipiro a anamwino ndi madokotala a m'zipatala zimenezi amachokera ku boma. Kuyambira cha m'ma 2006, boma linayambanso kusainirana mapangano ndi zipatala zambiri za CHAM, aja amati SLA, kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, bilu izipita ku boma. Ndiye taonani: chipatala n'cha mpingo, namwino ngwa malipiro a boma, mayi wobereka walipiridwa ndi boma. Kwinaku chipatala n'cha boma, mankhwala ngogula kwa wabizinesi, ndipo ku Kamuzu Central kuli mawodi olipira. Mwana wa sukulu atafunsidwa pamayeso kuti chaboma n'chiti, chomwe si chaboma n'chiti, ndi bwino angolemba dzina lake n'kutuluka.

SLA ndi nzeru yabwino kwambiri imene inatulukapo ku Capital Hill pankhaniyi, ndipo ndikunena mosaseka. Mayi amene akanaberekera pakhomo poopa bilu amaberekera m'manja mwa mzamba. Vuto lake n'lakuti pangano nalonso limakhala pachala. Kangapo konse zamveka kuti boma lachedwa kubweza ndalama ku zipatala za CHAM, ndipo asisitere, ngakhale ali anthu a pemphero, dizilo wa ambulansi sagula ndi korona. Vuto lina n'lakuti mapangano ambiri amaona mayi ndi mwana basi. Bambo wa zaka 55 wodwala BP kapena shuga alibe polowera, pokhapokha atapeza njira yotengera pathupi.

Palinso mwini fodya wachitatu amene satchulidwa kawirikawiri pamkanganowu. Ma ARV, mankhwala a TB, katemera wa ana, LA wa malungo, zambiri mwa izi zimagulidwa ndi ndalama za abwenzi akunja monga Global Fund, Gavi ndi boma la America. Mu Januwale 2025 Washington itaimitsa thandizo lake la kunja, tinazindikira kuti mphepo yotchulidwa m'mwambi ija itha kuchokera kutsidya la nyanja yamchere n'kudzauluza fodya pachala cha munthu wa ku Ludzi amene sanakwerepo ndege. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Bajeti zathu zambiri zakhala zikuiyang'anira patali nambala imeneyi.

A gulu la abizinesi ali ndi yankho lawo: inshuwalansi. Uzidula kenakake mwezi ndi mwezi, ukadwala kampani ilipira. Anzathu a ku Zambia, kungodutsa pa Mwami apa, anakhazikitsa lamulo mu 2018 lomwe linabala bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA, ndipo wapantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, bwana wake n'kuwonjezera ina. Zimamveka bwino kwa munthu amene mwezi wake umatha pa 27. Mlimi wa mtedza ndi soya wa kuno mwezi wake umatha kamodzi pachaka, mavenda akabwera ndi masikelo awo okayikitsa. Malungo nawo amadziwa kalendala kuposa alangizi: amafika mu Januwale ndi Febuluwale, ndalama ya mtedza itapita ku feteleza ndi fizi, nkhokwe ikulira mphako. Mudzamudula pati munthu ameneyu? Pamzere wa soya?

Inshuwalansi yake iye ali nayo kale, ndipo imalira kuti mee. Ikapanda kukwana pali banki m'khonde, pali mlamu wa ku Joni amene foni yake imazima yokha ikamva mawu akuti chipatala, ndipo pomalizira pali katapila. Mbuzi ili ndi ubwino woti sifunsa fomu kapena chiphaso, koma imalipira kamodzi kokha, ndipo ogula a pa Kamwendo amaona pankhope kuti wogulitsayu ali ndi wodwala, mtengo n'kutsika pomwepo.

Ine mbali yanga ndi iyi: bilu ikhale ya boma, poti msonkho limatolera ndi boma, ngakhale kwa gogo wogula sopo ndi mayunitsi. Koma nyumba yochiritsiramo ikhale ya aliyense amene ali pafupi ndipo ali ndi mankhwala m'kabati, kaya pakhoma papachikidwa mtanda kaya chithunzi cha pulezidenti. Boma lilipire SLA pa nthawi yake, liikulitse kuti ifikire ndi abambo a BP aja. Ena anena kuti kusakaniza kotereku n'kosatheka. Komatu akuluakulu a mbali zonse ziwiri akadwala zenizeni, kusakanizaku kumatheka tsiku lomwelo: amakwera ndege pa KIA kupita ku India kapena ku Johannesburg, chipatala n'cha abizinesi, kwa ena a iwo bilu n'ja boma, ndipo sindinamvepo kuti wina anafika ku Delhi n'kuuzidwa kuti panado watha, akagule ku golosale.