Bokosi la Madandaulo la a Njobvu

Padangokhala sukulu ya nyama, yogonera komweko, m'munsi mwa phiri la Mphangwe ku Katete. Ahedi ake anali a Njobvu, mkulu wa mtima wabwino ndithu, kungoti anali wamtali kwambiri, moti zochitika pansi pa mapazi awo sankaziona.

Mu Januwale ana atsopano ankafika ndi timatumba ta nsawa, chiwaya ndi mbatata zofutsa. Gologolo anachokera ku Sinda, Fulu anakwawa kuchokera ku Vubwi, Kalulu anali wa pafupi ndi Mkaika. Akale sanawafunse n'komwe maina. Onse anali "azeze" basi.

Usiku woyamba Nyani, mmodzi mwa akale, anatsegula matumba awo. "Zeze sadya nsawa, zimamutupitsa m'mimba," anatero, akutafuna. Fisi anagona chagada n'kulamula Gologolo kuti azimukupiza ndi mchira mpaka tambala kulira. Fulu anamugadabuza, n'kumamuzunguza pansi kwinaku akuwerenga maulendo. Anzake aja anaseka nawo, poti wosaseka ndiye anali wotsatira. Kalulu analira kuposa onse, ngakhale kuti anangomukoka makutu.

Nkhani itawafika a Njobvu, anakhoma bokosi la madandaulo pamtengo wa mkuyu. Kiyi anaipereka kwa mwana wamphamvu, woopedwa ndi anzake, amene anali atangomusankha kukhala prifekiti: Fisi. Lachisanu lililonse Fisi ankanena kuti m'bokosi mulibe kanthu. Loweruka lililonse olemba makalata aja ankachapa mabulangete ake.

Fulu analowa m'chigoba, osayankhanso m'kalasi, aphunzitsi n'kulemba kuti ndi waulesi. Gologolo anathawa usiku, kutsata msewu wa Great East mpaka kwawo. Amayi ake ndiwo anabwera naye, mchira utathothoka theka, nafuula pakhomo pa ofesi mpaka a Njobvu anawerama. Kunali kuwerama kwawo koyamba chaka chimenecho, mwezi wa Okutobala.

Anaitanitsa msonkhano. Anakumbutsa ana kuti chikoti chinaletsedwa m'masukulu kalekale, ndipo lamulo loteteza ana la 2022 silisiyanitsa dzanja la mphunzitsi ndi la mwana mnzako. "Tigwirizane, ana anga. Zauzezezi zithe lero?"

Woyamba kukweza dzanja anali Fisi, wachiwiri Nyani. Anali atatsala ndi masabata ochepa kuti alembe mayeso n'kumapita, ndipo nsawa zinali zitatha kale. Analankhula zogwira mtima za chikondi, a Njobvu mpaka kupukuta misozi ndi chitamba.

Kumbali ya azeze kunali zii. Fulu anatulutsa mutu pang'onopang'ono, n'kuyamba kunyamula mwendo. Kalulu anauponda.

"Zikomo ahedi," anatero Kalulu, atagwada bwinobwino. "Nkhanza n'zoipa, ine ndine mboni, makutuwa aoneni mmene atalikira. Koma mwambo sauthetsa mothamanga. Ife tavutika miyezi khumi yathunthu. Tikupempha kuti zithe ndithu, koma chaka chamawa chikatha."

"Chifukwa chiyani chamawa, mwanawe?"

"Kuti tikonzekere, ahedi."

Azeze anaomba m'manja, ena akuwerengera chamumtima kuti Januwale watsala patali bwanji. A Njobvu anayamikira nzeru za mwanayo, nati sukulu ikufunika atsogoleri odekha ngati iyeyu. Fisi anavula kiyi m'khosi mwake, namuveka Kalulu.