Vitz ya ba neba

Lachiwiri m'mawa ndinatulukira pawindo. Chitseko chinangotseguka kampata kodutsa mphaka n'kugunda bampala ya Vitz ya ba neba. Ine bambo wa ana anayi, tayi pakhosi, mwendo wina panja wina m'nyumba, ana asukulu akundiwombera m'manja.

"Ba neba, galimoto yanu yanditsekera m'nyumba."

"Pepani ba tate. Nanga ndiike kuti, padenga?"

Funsolo linali lanzeru, n'chifukwa chake linandipsetsa mtima. Komboni yathu ya Chawama inamangidwira mapazi, njinga ndi wilibala ya makala. Lamulo la 1974 lovomereza makomboni linapatsa anthu chikalata chokhalira pamalo zaka 30, ndipo panalibe wolota kuti mdzukulu adzaitanitsa galimoto ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Lamulo la mapulani la 2015 linabwera, tinjira tathu osakula ngakhale chala. Kumayadi ngati ku Kabulonga, womanga mafulati amajambuliratu pa pulani poimika galimoto. Kuno landilodi akaona mpata wokwana galimoto amamangapo zipinda ziwiri za lendi, n'kulowetsamo munthu wa galimoto.

Anthu aulemu amakagoneka galimoto kupolisi kapena pomwetsera mafuta, kumupatsa kangachepe mlonda, n'kubwerera wapansi m'matope ngati tonsefe. Ba neba ayi. Vitz yawo imagona pafupi kuposa mwana wakhanda. Imasamba kawiri patsiku, pomwe ife madzi timagula pa chigubu, ndipo thovu lake limadzazimitsa mbaula ya mkazi wanga. Usiku amaifunditsa. Alamu yake imalira nkhuku ikadutsa, mphepo ikaomba, ngakhale ine ndikatsokomola m'bulangete langa. Makiyi amawazunguza pachala popita kuchimbudzi, chimbudzi chomwe timagawana mabanja asanu ndi limodzi. Moni wa masiku ano ndi hutala.

Ndinakonza mawu owawa oti ndikanene kwa landilodi. Koma Loweruka pakati pa usiku apongozi anga anadwala mwakayakaya, ndipo ba neba anadzuka osadandaula, kabudula yekha, makiyi ali kale pachala. Ndinachita manyazi. Ndinaisisita Vitz ija pamsana.

Titati tibweze galimoto m'mbuyo kuti tipite kuchipatala, tinapeza Noah ya landilodi yatseka kanjira konse, mwini wake ali kumaliro ku Matero ndi makiyi. Apongozi anafika kumsewu pa wilibala ya makala, ba neba akukankha, pakamwa akuliza hutala.