Mwana wa m'chikwama

Alamu anga, omwe ndi azamba, anandituma ntchito yosavuta: nditenge chikwama ku Mzimba boma, m'mawa mwake ndikachitule ku Edingeni pa njinga yanga yamoto, koma ndisachitsegule. Ndinachitsegula usiku womwewo.

Munali mwana wapulasitiki, wolemera ndithu poti anali atamuthira kale madzi. Pambali pake panali kanthu kooneka ngati mbalame ija amati penguin, ndi chipopero chofewa chokhala ndi kachigoba kumapeto. Nditachifinya chinatulutsa mphepo yabwino zedi. Tsono munali mu Juni, kuzizira kwa ku Mzimba mukukudziwa, makala akukana kuyaka. Mbaula inayaka kuposa masiku onse. Kachigoba kokha ndiko kanasungunuka mbali imodzi.

M'mawa, mabampu a msewu wafumbi anamaliza zipi imene ndinaiyamba ine. Ndikulowa pamsika wa Edingeni, mwendo wa mwana uli lendelende kunja. Ndinaima kuti ndiubwezere, bondo langa n'kupsinja kampira kamene kamamuliritsa. Analira.

"Wiba mwana!" anakuwa mayi wogulitsa tomato. Ndine wa ku Dowa, Chitumbuka changa n'chongogulira mafuta, koma apa ndinamva zonse. Abambo anatulukira ndi zibonga, wina akuti anditengere kubwalo la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa poti si kutali. Pofuna kuwatsimikizira kuti ndi chidole, ndinamasula chotsekera. Madzi anakhuthuka, mwana n'kuphwa m'manja mwanga anthu onse akuona. Mayi uja anadzigwetsa pansi.

Anandipulumutsa mlangizi wa zaumoyo amene ankadutsa. Anauza khamulo kuti chidolecho dzina lake ndi NeoNatalie, chopangidwa ndi kampani ya Laerdal ya ku Norway, ndipo azamba amaphunzirirapo Helping Babies Breathe, maphunziro amene anayamba mu 2010 n'kufika kuno ku Malawi mu 2011. Anthu anabalalika monyinyirika, ena akuoneka kuti zibonga anazinyamula pachabe.

Alamu sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anadzazanso mwanayo madzi, n'kundiimika pamaso pa anamwino amene anabwera kudzaphunzira.

"Alamu, mwana wabadwa, sakulira. Muli ndi mphindi imodzi. Yambani."

Anandilamula kumupukuta mpaka aume ndi kumusisita kumsana. Ka penguin kaja, kamene ndinaganiza zokapatsa mwana wanga, n'koyamwira zotsekereza mkamwa ndi m'mphuno, ndipo akamaliza amakawiritsa n'kukagwiritsanso ntchito. Kenako chipopero: kupendeketsa mutu pang'ono, kuphimba mphuno ndi pakamwa, kufinya pafupifupi ka 40 pa mphindi, maso ali pachifuwa. Sichilira magetsi kapena botolo la okosijeni, mpweya womwe tikupumawu ndi wokwanira. Mwa ana khumi obadwa, pafupifupi mmodzi amafuna thandizo kuti ayambe kupuma.

Ndinafinya mpaka thukuta. Chifuwa chili zii. Mphepo yonse inkathawira pamene panapsa paja, ikuimba kamluzu.

"Mphindi yatha," anatero alamu. "Pitani mukawauze amake."

M'chipindamo munalibe amene anaseka.

Kachigoba katsopano ndinalipira ndi ndalama za kabaza. Kakupsako alamu anakasunga, amaonetsera ophunzira mmene mpweya umathawira, ndipo amakatchula dzina langa. Pamsika wa Edingeni, mayi wobereka mwana akandiona amakwera njinga ya mnzanga, ngakhale yake ilibe mabuleki akumbuyo.