Chasisi Siifuna Phuma

Ku Ndirande, m'mbali mwa msewu momwe amisiri amayala mageti ndi mafelemu a mawindo, Hilux yakale inali pa jeke. Chasisi yake inali itang'aluka pafupi ndi sipuling'i yakumbuyo, ndipo mwini wake ankangoyang'ana nthawi pa foni.

"Madala, ingodutsitsani ndodo pamwambapa. Katundu akundidikira ku Lunzu."

Mmisiri wamkuluyo anauza mnyamata wake kuti ayambe wachotsa batire. Kenako anaboola kabowo pomwe mng'alu unathera.

"Aa! Mukuwonjezeranso bala?"

"Kabowoka n'koti mng'alu usapitirire, achimwene. Tikatero tikumba kangalande ndi galayinda kuti moto ulowe mpaka mkati. Kuwotcherera pamwamba pokha n'kupaka utoto basi."

Mnyamata uja anabwera ndi ndodo za 6013.

"Izo n'za mageti, iwe. Katenge za 7018 zili m'chitini chotseka zija. Usazisiye pamtetete, zikakoka chinyezi msoko umadzang'aluka."

Dalaivala wa minibasi amene ankadya chimanga chootcha pambali analowererapo: "Ine yanga anawotcherera ndi gasi, n'kuthirapo madzi, ndinanyamuka pompo."

"Mudzabwera konkuno," anatero mkuluyo. "Gasi amatenthetsa malo aakulu, chitsulo chimapindika. Madziwo amachiumitsa mwadzidzidzi, sichichedwa kuthyoka. Chimafunika chizizire chokha."

"Nanga tima Sienta tadzaza m'tauniti?"

"Ito tilibe chasisi yapayokha ngati iyi. Bodi yonse ndi malata opyapyala omwe ku fakitale anawalumikiza ndi timadontho. Ndodo imangoboola. Pamafunika MIG, ya waya ndi gasi ija, koma panja pano mphepo imauluza gasiyo, msoko n'kutuluka wazibowo."

Akulankhula choncho n'kuti akudula chigamba chachitsulo, chosongoka uku ndi uku. Anati cha makona anayi sachifuna, chifukwa msoko wowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi pomwe chasisi imadzathyokeranso galimoto ikagwa m'dzenje italemedwa.

"Ndiye ndinyamuka nthawi yanji, madala?"

"Mawa m'mawa, magetsi akapanda kuzima."

Mwini Hilux anapukusa mutu n'kuyamba kuimbira a ku Lunzu. Mkuluyo anatsitsa chigoba kumaso, kenako anachikwezanso.

"Koma achimwene, tsiku inang'alukalo munakweza matumba angati a simenti?"

Achimwenewo anapanikiza foni kukhutu n'kusendera kutali, ati pomwepo netiweki imavuta.